Mipata Makumi Anayi ndi Itatu

Mpukutu wa bambo anga unapsa m'mawa wa tsiku lotentha zotupitsa mkate, pabwalo la nyumba ya mapemphero, anthu onse akuona. Ine ndinali nditanyamula dengu la nyenyeswa za mkate zochokera kwathu, zoti nazo zipse Pasika asanalowe. 

Anautentha ndi a Yowezeri. Ndawatchula dzina pano poyambirira kuti wina asadzanene kuti ndinkazungulira.

Bambo anga, a Teodoto, anali mlembi m'dera lathu la Ayuda kuno ku Alesandriya, kuseri kwa doko. Makolo athu anafika kuno zingwe zili m'khosi, asilikali a Agiriki ali pambuyo. Ana awo anatola Chigiriki pamsika, zidzukulu zinayamba kulota m'Chigiriki, ndipo pofika pa ife Chiheberi chinali ngati mbale ya alendo, yotuluka pa chikondwerero n'kubwereranso m'bokosi. Chilamulo chokha akuluakulu akale anali atachitembenuza, ndiye tinkachimva. Koma nyimbo zolira mzinda wa makolo, zimene timaimba pa tsiku losala kudya, zinali zikadali m'Chiheberi. Amayi anga ankaziimba pokanda ufa, moyo wawo wonse, osadziwa ngakhale liwu limodzi. Tsiku lina anafunsa bambo kuti kodi yachitatu ija, imene imawaliza, imanena chiyani. Bambo anayamba kufotokoza, anakakamira pakati. M'mawa mwake anayamba kuzitembenuzira m'Chigiriki, ntchito imene inawatengera zaka zisanu ndi ziwiri.

Gumbwa wolembapo ndi wodula, choncho ankayesera pa mapale. Mtsuko ukasweka kulikonse m'dera lathu, mwini wake ankadziwa kokatula zidutswa. Bambo ankalemba mzere umodzi pa phale n'kuuimba, kuti amve ngati mawu a Chigiriki akukhala bwino pa maimbidwe akale. Ukakana, ankaponya phalelo pansi pa makwerero. Ukavomera, ankaukopera pa gumbwa, phale n'kuliponyanso komweko. Ine ndinaphunzira kuwerenga pa mulu umenewo. Palibe anandikhazika pansi. Ndinkamva zimene aimba, n'kutola phale inki isanaume, n'kumalondola zilembo ndi chala mpaka zitavomera kundiuza mayina awo. Bambo atazindikira anangoseka, nati tsopano amvetsa chifukwa chake mphodza za pakhomo pano zimanunkha utsi. Mphodza ndinkapserezadi.

Tsono kwathu mlembi wa Chigiriki salemba Dzina. Akafika pamene payenera kukhala Dzina la Mulungu amadumpha, n'kusiya mpata wa zala ziwiri. Ntchito ikatha kumabwera munthu wina, wodziwa zilembo zakale za makolo, kudzadzaza mipatayo. M'dera lathu munthu ameneyo anali a Yowezeri, ndipo panalibenso wina.

Iwowa anabwera mochedwa, pothawa ku Yerusalemu pamene mfumu ya Agiriki akumpoto inaipitsa Kachisi. Ana awo aamuna awiri anaphedwa pachipata cha mzinda, iwo akuona. Ndikunena izi chifukwa sindifuna kubisa mbali yawo. Koma amene anabaya anawo si bambo anga.

Chigiriki ankachimva, poti nsomba ankagula okha ndipo palibe anawapusitsapo, koma sankachiyankhula, ndipo zilembo zake analumbira kuti sadzaziyang'ana. Anali ndi kachikopa ka mbuzi kobowola pakati. Polemba Dzina, kachikopako kankayalidwa pa tsamba kuti kabise Chigiriki chonse, pabowo n'kumaoneka mpata wokha. Asanayambe ankamira m'madzi thupi lonse n'kuvala mwinjiro woyera, ndipo kuyambira pomwe anyamula cholembera mpaka atachipukuta, aliyense m'chipindamo sankaloledwa kutsegula pakamwa. Ngakhale chifuwa unkakatsokomolera panja. Lamulo lawo ngakhale ana ankalidziwa pamtima, chifukwa ankalibwereza paliponse: tsamba limene pakhala Dzina silikhudzidwa ndi moto, mpeni kapena madzi.

Bambo anawapititsira mpukutuwo poyera, atavala malaya awo a pa Sabata. Anawauza chimene chinali m'katimo, osabisa kanthu. A Yowezeri anangoti ausiye. Unakhala kwawo miyezi itatu. Bambo akafunsa, yankho linali loti madzi azizira, mwina diso lawawa, mwina bango la cholembera silinaume. Kenaka m'mawa uja, moto wa zotupitsa utakolera, anatulukira nawo m'khwapa, nauponya pakati pa mikate ngati akutaya sanza.

Gumbwa sachedwa kupsa. A Nikanori, mkulu wa nyumba ya mapemphero, anathamanga ndi ndodo kuti auvuule, koma a Yowezeri anawagwira mkono. Anayankhula m'chinenero cha kwawo, amalume anga a Dositeyo akumasulira monjenjemera. Anati mu mpukutumo munalibe Dzina ngakhale limodzi, mipata yokhayokha, ndiye chimene chapsa ndi bango wamba. Anati Chilamulo akuchipirira m'Chigiriki poti anachipeza chitatembenuzidwa kale, koma nyimbo zimene ana awo ankaimba sizidzavala mawu a anthu amene anawapha. Panali mawu enanso amene amalume anawameza. Ine ndinawamva, poti chinenerocho ndinali nditatolako pang'ono kwa bambo. Anati a Teodoto ndi Mgiriki chabe amene anangochita mdulidwe. Amalume anamasulira kuti, "Akuti a Teodoto anayesetsa ndithu."

Ndinawaponyera dengu lija. Linawaphonya, n'kukamenya a Nikanori pachifuwa.

Akuluakulu anakhala pansi tsiku lonse, napeza kuti palibe lamulo lathyoledwa. Bango wamba. Zaka zisanu ndi ziwiri.

Bambo sanadandaule, ndipo ndicho chinandipweteka koposa. Ndinawauza kuti tiyambirenso, mapale alipo. Anandiyankha kuti tikamaliza tidzapita nawo kwa yani, poti wolemba Dzina ndi yemweyo, ndipo moto wa zotupitsa umayaka chaka ndi chaka. Anabwerera kokopera makalata a ogulitsa tirigu, anasiya kuimba, anayamba kusiya chakudya m'mbale. Nyengo yozizira isanathe tinawaika m'manda. Sing'anga anati chinali chifuwa. A Yowezeri anabwera kumaliro, naimba bwino kwambiri, m'Chiheberi.

Titamaliza masiku asanu ndi awiri okhala pansi pa maliro, amayi anafuna kutaya mulu wa mapale uja kuti pansi pa makwerero azisungapo nkhunda. Ndinakagona pamwamba pake mpaka anandileka. Anali mapale oposa chikwi, osakanikirana, okanidwa ndi ovomerezeka pamodzi, ena mbewa zitakodzerapo. Chimene chinandithandiza ndi khutu. Bambo akakana mzere ankauimba kamodzi kapena kawiri, koma akaukonda ankauimba sabata yonse mpaka amayi kuwaopseza ndi chipande. Ndiye ndinkatola phale n'kuliimba. Likandikumbutsa chipande cha amayi, ndinkaliika kudzanja lamanja. Zinanditengera zaka ziwiri. Mizere isanu ndi umodzi sindinaipeze konse, ndipo ndinaitembenuza ndekha, ndikufunsa liwu limodzilimodzi kwa nkhalamba ina yogulitsa adyo. Iyo inkaganiza kuti ndikufuna kukwatiwa ndi mwamuna wa ku Yudeya, ndipo liwu lililonse inkandipatsa pamodzi ndi malangizo a m'banja. Wodziwa akhoza kuiloza mizere yangayo. Imatsimphina.

Musaganize kuti ndinathamangira msampha. Ndinayamba ndayesa khomo la kutsogolo. Ndinapita kwa a Nikanori kukawauza kuti nyimbo za bambo ndazitola zonse, ndipo ndikufuna kudziwa ngati pali wina, kuno kapena kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje, amene angalembe Dzina. Anandipatsa nkhuyu ziwiri, nandiuza kuti ndine mwana wolimba mtima, koma dera lathu n'laling'ono ndipo silingathe kukhala ndi mikangano iwiri nthawi imodzi. Anati munthu amene anaona ana ake akufa timamupirira. Ndinawafunsa kuti nanga amene anaona bambo ake akufa timamutani. Anandipatsa nkhuyu yachitatu.

Nthawi imeneyi ndinkagwira ntchito kwa amalume a Dositeyo, amene anatenga malo a bambo. Poyera ntchito yanga inali kusakaniza mwaye ndi utomoni kuti ikhale inki, kusalaza gumbwa ndi chigoba, ndi kujambula mizere. Mseri ndinkakopera masamba enieni, chifukwa dzanja la amalume limanjenjemera akangomva kuti wina akubwera, ndipo kwathu nthawi zonse wina amakhala akubwera. Amalume ndi munthu wabwino. Amaopa mbuzi, mabingu, akazi awo ndi a Yowezeri, motsatana choncho kuyambira pansi.

Mwayi unadza pamene wamalonda wina wa mafuta anaitanitsa mpukutu wa Chilamulo woti akapereke ku nyumba ya mapemphero. Masamba amafika kwa wolemba Dzina asanamatidwe pamodzi, ali mulu. Ine ndinakopera nyimbo za bambo pa gumbwa wa mtundu womwewo, mizere yofanana kutalika, mipata ya zala ziwiri. Anakwana masamba khumi ndi anayi, mipata makumi anayi ndi iwiri. Pa tsamba lomaliza ndinawonjezera mawu anga. Ndinalemba kuti nyimbo izi anazitembenuza ndi Teodoto mwana wa Sabatayo, kuti mkazi wake amve chimene amalira. Kuti Yowezeri wa ku Yerusalemu anazitentha pamodzi ndi nyenyeswa. Kuti Sabatisi mwana wa Teodoto anazitola pa mapale. Ndinamaliza ndi pempho loti pakati pa amuna awiriwa aweruze Mwini Dzina, ndipo pamenepo ndinasiya mpata. Umenewo ndiwo unakwanitsa makumi anayi ndi itatu.

 Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkatchera msampha ndi chinthu chimene sititchula n'komwe pakamwa. Ndinaganizira masiku atatu, ndipo tsiku lililonse ndinkafika pamalo amodzimodzi: akuluakulu anati lamulo silinathyoledwe. Chabwino. Nanenso ndiyenda m'mphepete mwa lamulo lomwelo.

Masamba angawo ndinawalowetsa pakati pa mulu, pambuyo pa tsamba la makumi awiri.

A Yowezeri anafika dzuwa litakwera, ndevu zikudontha madzi. Sanandiyang'ane. Chiponyereni dengu lija ankandiona ngati khoma. Anakhala pampando, amalume pambali pawo, poti mwini ntchito ndiye amasuntha kachikopa kaja kuchoka pa mpata uwu kupita pa winawo. Ine ndinakhala pakhomo ndi kamtondo kanga ka mwaye. A Yowezeri ananyamula cholembera, m'chipinda munangoti zii.

Masamba makumi awiri anapita bwino. Amalume anatenga lotsatira, nayala kachikopa mwachizolowezi, maso ali pa mpata basi. A Yowezeri analemba. Amalume anawerenga mzere wapamwamba pamene ankasuntha kachikopako.

Ndinaona khosi lawo likufiira kuyambira pamalaya mpaka m'makutu. Anandiyang'ana. Ine ndinapitiriza kupera mwaye. Anatsegula pakamwa, a Yowezeri anawatuzulira maso, amalume anatsekanso. Akanatha kukoka tsambalo, koma Dzina linali litakhalapo kale, lonyowa, ndipo akanalifafaniza ndi chala chawo chomwe. Anakhala kaye ngati mlendo amene wameza munga wa nsomba pa phwando la eni ake. Kenaka dzanja lawo lonjenjemera lija linasuntha kachikopa kupita pa mpata wachiwiri.

Ndinkawerenga mipata chamumtima. Khumi. Makumi awiri. Thukuta la amalume linkatsikira kuchigongono, iwo n'kumalipukuta msanga lisanagwere pa tsamba. A Yowezeri ankalemba mosamala, lilime lili pakona pa mlomo, chilembo chilichonse ngati akugoneka khanda pamphasa. Ndivomere, dzanja lawo ndi lokongola. Pa mpata womaliza anaima. Anasuzumira pabowo nthawi yaitali. Kenaka anachotsa katsitsi kunsonga ya cholembera, nalemba.

Atamaliza mulu wonse n'kupukuta cholembera, anauza amalume kuti mipata ya masamba apakatiwo inali yoyera ndi yofanana bwino, ndipo aziyesetsa choncho masiku onse. Amalume anathokoza ndi mawu a mwanapiye.

A Yowezeri atangotuluka, amalume anakhala pansi penipeni, padothi.

"Wandipha, iwe mwana wa mlongo wanga. Wandipha ndili maso."

"Mwafa bwino, amalume. Mwayamikiridwa musanafe."

"Ukuseka? Ukudziwa chimene wamulembetsa munthu uja?"

"Ndikudziwa. Inunso mukudziwa. Ndinakuonani mukuwerenga kawiri."

Anandichonderera kuti masambawo ndiwabise pansi pa makwerero mpaka mkuluyo atamwalira, poti wakalamba, sangakhalitse. Ndinawauza kuti n'chifukwa chake sindingadikire.

Ndinawamata ndekha, n'kusunga mpukutuwo miyezi iwiri, mpaka tsiku losala kudya.

Tsiku limenelo kumatentha, ndipo tonse timakhala pansi opanda nsapato. A Yowezeri amaimirira kutsogolo n'kuimba nyimbo zolira mzinda, ife n'kumagwedeza mitu pamene tikuganiza kuti m'pomvetsa chisoni. Chaka chimenecho ndinakhala kumbuyo ndi amayi, pafupi ndi khomo, mpukutu uli m'chovala. Amayi sankadziwa kanthu. A Yowezeri anaimba yoyamba, naimba yachiwiri. Amuna ena anali akusinza ndi njala. Atapuma kuti ayambe yachitatu, ndinaimirira, ndinatambasula mpukutu, n'kuyamba ine.

Mawu anga si okoma. Amayi amati ndimaimba ngati ndikuitana bwato. Koma maimbidwe anali omwewo akale, ndipo mawu anali a Chigiriki, chomwechi cha pamsika ndi pachitsime. Osinza anadzuka. Mzere wachinayi usanathe ndinamva mayi wina akusisima. Nyimbo yachitatu imanena za anyamata amene anatuluka kukatchinga chipata, ndi za makolo amene akuwasungirabe chakudya. Anthu anali ataigwedezera mitu zaka zonsezi osadziwa.

A Yowezeri anaizindikira pa maimbidwe. Anadutsa pakati pa anthu okhala pansi, akuponda zovala ndi zala, nandilanda mpukutuwo. Sindinalimbane nawo. Anapita nawo molunjika ku nyale ya mafuta imene sizima, pafupi ndi bokosi la mipukutu.

"Tambasulani kaye, bambo," ndinatero m'chinenero chawo, chokhotakhota changa chija. "Muone ngati ndi bango wamba."

Anatambasula. Chigiriki sakanatha kuwerenga, koma dzanja lawo sakanaliphonya. Dzina, Dzina, Dzina, m'zilembo zakale, tsamba ndi tsamba, lakuda bii pakati pa mawu a bambo anga. Anaima pamenepo, lawi lili pafupi ndi gumbwa ngati chala chimodzi. Ndinaona mkono wawo ukufuna, ndipo ndinaona ukubwerera wokha. Ndinali nditadikira zaka zitatu kuti ndione zimenezo, ndipo sindinaphethire.

A Nikanori anafika, nautenga mpukutu m'manja mwawo mofatsa, naufunyulula mpaka kumapeto. Anawerenga mawu anga omaliza chamumtima, nkhope yawo inagwa. A Yowezeri anafunsa chimene chalembedwa. A Nikanori anayang'ana amalume kuti amasulire. Amalume anayamba kuti, "Akuti... akuthokoza onse amene anathandizapo..."

"Dositeyo," anatero amayi kuchokera kumbuyo. Sanakweze mawu. "Kamodzi kokha m'moyo wako, nena zimene zalembedwa."

Ananena. Liwu ndi liwu, maso ali pansi, mpaka pa Dzina, pamene anakhala chete monga timachitira tonse.

A Yowezeri anatembenukira kwa ine. Ndipo koyamba chifikireni m'dera lathu, anayankhula Chigiriki, cha pamsika wa nsomba.

"Wandibera dzanja, mtsikana iwe."

"Inu munandibera bambo. Lanulo likadali pamkono."

"Ana anga anafa mawu amenewa ali m'makutu."

"Amayi anga anabadwa ali nawo m'kamwa. Anachita kusankha?"

 A Yowezeri anang'amba mwinjiro wawo pachifuwa, monga timachitira pa maliro, natuluka nsapato atazisiya pakhomo.

Akuluakulu anakhalanso pansi tsiku lotsatira. A Yowezeri anatumiza mawu oti mpukutuwo uikidwe mu mtsuko n'kukwiriridwa kumanda, poti dothi si moto, si mpeni, si madzi. Pamenepo ndinachita mantha, chifukwa njira imeneyo sindinaiganizire. Ndinadikira kunja kwa mpanda ndikuluma zikhadabo, akazi odutsa akundilozera. Wina anati ndachititsa manyazi mtundu wonse. Mnzake anamuyankha kuti manyaziwo bwanji dzulo anawalira mpaka mamina. Dzuwa litapendeka amalume anatuluka kudzandiuza.

A Nikanori, amene mwina ankakumbukirabe ndodo yawo ija imene inalephera kuvuula mpukutu woyamba, anali atanena kuti timakwirira mipukutu yokalamba ndi yong'ambika, osati yatsopano, monganso sitiika m'manda munthu akupuma. Anagamula kuti ulowe m'bokosi, pansi penipeni, ndipo usawerengedwe pa msonkhano mpaka akuluakulu adzaonenso. Za ine anagamula kuti ndasewera ndi Dzina. Ndisaponde pakhomo la nyumba ya mapemphero chaka chathunthu, ndipo ndisadzagwirenso cholembera pa tsamba lopatulika moyo wanga wonse. Amalume anangowadzudzula, poti aliyense anaona kuti alangika kale.

Chigamulo chachiwiricho chimandiwawa, sindinama. Ndikaona mizere ya amalume yokhota ngati njira ya nkhanu, zala zimandiyabwa. Ndipo pali masiku amene ndimadzifunsa ngati Mwini Dzina, amene ndinamuitanira pa mlandu mwa njira imeneyo, sadzayamba ndi ine poweruza. Akayamba ndi ine, ayambe. Bola mlanduwo walembedwa, ndipo palibe angaufufute.

A Yowezeri anataya kachikopa kaja. Akulembabe Dzina, poti palibe wina, koma tsopano salemba pa tsamba limene sanalimve. Amalume amawawerengera mokweza mzere uliwonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, iwo atakhala tsonga, nsagwada zitalumana. Mpukutu umodzi umawatengera masabata atatu akumva Chigiriki kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndikamva zimenezi ndimadya bwino.

Amayi sanandikalipire. Tsiku losala lija litatha, anakanda ufa, kenaka anandiuza kuti ndiwaimbire yachitatu ija kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono. Ndinaimba. Nditafika pamene pakunena za chakudya chosungidwa, manja awo anaima mu ufa. Anati, "Kani ndinkalira zimenezi." Anandibwerezetsa mpaka ataigwira.

Akuluakulu analetsa kuwerenga. Za kuimba pachitsime sananenepo kanthu. Amayi anaphunzitsa mnansi wathu, mnansiyo anaphunzitsa apongozi ake, ndipo pofika chikondwerero cha misasa akazi a m'dera lonse ankaidziwa yachitatu ndi theka la yoyamba. Zitsime m'dera lathu zilipo zinayi. Chapafupi ndi kwathu chili ndi madzi abwino, ozizira. Ine ndimapita chakutali, cha madzi amchere pang'ono, chimene chili pansi pa zenera la a Yowezeri. Ndimafika m'mawa, nthawi imene iwo amapemphera, ndipo chingwe ndimakoka mosafulumira.

Masabata oyamba ankamenyetsa chotsekera cha zenera mpaka fumbi kugwa. Dzulo sanatseke. Sindikudziwa ngati atopa, kapena chotsekeracho chathyoka, kapena akumvetsera kuti agwire pamene bambo analakwitsa. Sindinayang'ane m'mwamba. Ndinaimba mpaka kumapeto, pamodzi ndi mizere yanga yotsimphina ija, n'kusenza mtsuko.